Pholo la magetsi limafera m'munsi: mafunso ndi mayankho a kwa Zingalume

Munthu akamayenda m'boma la Chadiza, kapena akapita ku Chipata kukagula mbewu, angaone kuti mapolo a magetsi safanana. Ena ndi akuda bii, ndipo dzuwa la mu Okutobala likaswa mtengo amachucha phula. Ena ndi obiriwira. Ena anyamula mawaya atatu otalikirana, pamene ena akoleka chingwe chimodzi chakuda chopotana ngati chomangira ng'ombe. Anthu a kwa Mfumu Zingalume, kumene malaiti afika malo ena koma ena akudikirabe, ali ndi chifukwa chofunira kudziwa kusiyanaku, pakuti pholo limodzi likagwa chigayo chimaima ndipo furiji ya katemera pa chipatala imatentha.

Magetsi ofika kuno amachokera kuti, nanga pholo la m'mudzi lili pati pa ulendowo?

Lili kumapeto kwenikweni. Magetsi ambiri a Zambia amapangidwa kum'mwera, ku Kariba ndi ku Kafue Gorge. Kuti afike kum'mawa amadzera ku Pensulo pafupi ndi Serenje, n'kuwoloka chigwa cha Luangwa, kudutsa Msoro mpaka ku Chipata, pa nsanja zachitsulo zonyamula mavoliti 330,000. Mzere umenewu ndi wa m'zaka za m'ma 2010. Kale chigawo chino chinkadalira mizere yocheperapo mphamvu komanso siteshoni yaing'ono ya Lusiwasi, ndipo Lundazi ndi Chama anakhala zaka zambiri akuyatsa magetsi a ESCOM ochokera ku Malawi.

Akafika kuno amatsitsidwa mphamvu kukhala mavoliti 33,000 kapena 11,000, ndipo apa m'pamene amakwera mapolo a mitengo kulowera m'maboma ndi m'midzi. Pa sukulu kapena pa msika thiransifoma imawatsitsanso kufika pa 400 a chigayo ndi 230 a m'nyumba. Amawayendetsa ndi mavoliti ochuluka chonchi kuti asathere m'njira: mavoliti akakwera, waya woonda amatha kunyamula mphamvu yambiri mtunda wautali osatentha.

N'chifukwa chiyani amakonda bulugamu, mitengo yolimba ngati mubanga ilipo?

Pholo limafuna mtengo wowongoka mamita 9 mpaka 12, wopanda mphanda, ndipo amafunika masauzande ofanana msinkhu. Mitengo ya m'tchire mwathu imakula mochedwa komanso mokhotakhota. Bulugamu wodzalidwa mothinana amathamangira dzuwa, motero amakula chilili. Ku Zambia kuno wodzala wamkulu ndi ZAFFICO, yomwe ili ndi nkhalango zake ku Copperbelt ndi fakitale yothira mankhwala m'mapolo ku Kalulushi. Ndiye pholo limene laima pafupi ndi munda wanu wa nsawa mwina layenda ulendo wautali kuposa umene ambiri a m'mudzimo anayendapo.

Bulugamu payekha ndi ndiwo ya chiswe. Aliyense amene anamangapo khola kapena chigafa ndi bulugamu wosathira mankhwala akudziwa kuti dzinja ziwiri kapena zitatu zimakwana kuti m'munsi mufumbwe.

Nanga akuda ndi obiriwira aja amasiyana pati?

Amasiyana mankhwala. Akudawo anamwetsedwa creosote, mafuta onunkha ochokera ku phula la malasha. Njira yake anailembetsa John Bethell ku England mu 1838, ndipo mpaka lero siinasinthe kwenikweni: mitengo youma amailowetsa mu thanki yaitali yachitsulo, n'kutseka, kupopa mpweya kuti utuluke, kenako kukankhira mankhwala mkati mwamphamvu. Obiriwirawo anamwetsedwa CCA, msanganizo wa kopa, chromium ndi arsenic umene anautulukira Sonti Kamesam ku India m'zaka za m'ma 1930. Kopa amaletsa kuwola, arsenic amapha chiswe, ndipo chromium amamatirira ziwirizi ku mtengo kuti mvula isazitsuke.

Pholo la CCA ndi laukhondo, silidetsa zovala za wokwera ndipo silinunkha. Koma lili ndi khalidwe limodzi loipa kwa ife amene timatentha tchire chaka ndi chaka. Moto ukalinyambita m'munsi, limatha kupitiriza kunyeka chamumtima ngati khala, popanda lawi, mpaka kuduka moto wa tchirewo utazima kalekale. Anyamata osaka mbewa amakhala atafika kale kunyumba, ndipo pholo likagwa usiku palibe amene amakumbukira za machesi a masana aja.

Pali mapolo akale amene adakali chilili, koma ena atsopano amawola msanga. Kodi mitengo ya masiku ano ndi yofooka?

Mitengo siinafooke. Funso ili ndi lofunika kuposa onse, ndipo yankho lake lili pa malo aang'ono kwambiri: pamene pholo lakumana ndi dothi, ndi chikhatho chimodzi kapena ziwiri kutsika pansi. Pamwamba pa pholo pamauma msanga mvula ikatha. Pansi penipeni pa dzenje mpweya ndi wochepa. Koma pakhosi pa dothi pali chinyezi, mpweya ndi kutentha pamodzi, zomwe nkhungu yowoletsa mitengo ndi chiswe zimafuna. Pamenepo m'pamenenso mphamvu yonse ya mphepo ndi kukoka kwa mawaya imathera. Pholo limatha kuoneka lanyonga kumwamba konse, mkati mwa m'munsi muli mphako.

Mankhwala aja salowa mtengo wonse. Mtima wa bulugamu ndi wothina, sumwa kanthu. Chimene chimamwa ndi mnofu woyera wa kunja, ndipo umenewo ndiwo umakhala ngati chovala chotchinjiriza mtima. Mtengo ukalowetsedwa mu thanki usanaume bwino, madzi amene ali mkati amakaniza mankhwala, ndipo mankhwalawo amangodetsa pamwamba. Ukafika kuno n'kuuma ndi dzuwa lathu umang'aluka, ming'aluyo n'kutsegulira chiswe khomo lolowera kumtima. Chimodzimodzinso pholo likadulidwa kapena kuboola litathiridwa kale mankhwala, osapakanso pa balapo. N'chifukwa chake mapolo amakono amakhomedwa kachitsulo ka mano kumapeto kuti asang'ambike, ndipo ambiri amakhala ndi kachizindikiro kosonyeza amene anathira mankhwala ndi chaka chake.

Pholo louma bwino ndi kumwa mankhwala okwanira limakhala zaka 30 kapena kuposa. Lothamangitsidwa silifika ngakhale 10. Maso sangasiyanitse awiriwa tsiku lodzala, ndipo apa m'pamene ndalama za anthu zimalowera m'dzenje, pakuti kugula pholo lotchipa n'kugula kawiri, kulipira galimoto kawiri, ndi kukumba kawiri. Amisiri a mizere amaliyesa pholo lakale poligogoda ndi hamala. Lamoyo limalira mwakuthwa, lowola limayankha ngati ng'oma.

Kudzala nako kuli ndi lamulo lake. Mwachizolowezi dzenje limakhala gawo limodzi mwa magawo 10 a kutalika kwa pholo, kuwonjezapo masentimita 60. Pholo la mamita 10 liyenera kulowa pansi mita imodzi ndi masentimita 60, dothi lake n'kulisindira pang'onopang'ono pobwezera. M'dambo, momwe nthaka imafewa mu Januwale ndi Febuluwale, dzenje losaya limaonekera poyera chifukwa mzere wonse umayamba kuwerama.

Bwanji osangoika a simenti kapena achitsulo, nkhani ya chiswe ithe?

Maganizo amenewa ndi akale kuposa kampani ya magetsi ya ZESCO, yomwe inayamba mu 1970. Kampani ya Cecil Rhodes imene inkamanga waya wa telegalafu m'zaka za m'ma 1890, kudzera ku Tete, Blantyre ndi Karonga, ndi nthambi yofika ku Fort Jameson komwe lero ndi Chipata, inkadzala mapolo achitsulo poopa chiswe ndi moto. Ankachita kuwasenza amtengatenga pamutu. Ku South Australia, komwe mitengo yowongoka inali yosowa, James Stobie anapanga mu 1924 pholo la zitsulo ziwiri zothiridwa konkire pakati, ndipo mapolo a mtunduwo adakalipo kumeneko.

Pholo la konkire chiswe sichiliyandikira ndipo moto wa udzu suligwetsa. Koma ndi lolemera katatu kapena kuposa poyerekeza ndi la mtengo, ndipo lalitali limatha kufika tani imodzi. La bulugamu amuna angapo amalinyamula pamapewa kuwoloka mtsinje, ngolo ya ng'ombe imalikoka, ndipo amaliimika ndi zingwe. La konkire limafuna lole ya kireni ndi msewu woti loleyo idutse, ndipo likagwa potsitsa limachita mng'alu umene madzi amadzalowerapo n'kudyetsa dzimbiri zitsulo za mkati. Palinso china chimene ambiri sachidziwa. Mtengo wouma sulola magetsi kudutsa mosavuta, motero umathandiza kutchinga. Konkire ili ndi zitsulo mkati, choncho pholo lililonse liyenera kulumikizidwa bwino ndi nthaka, apo ayi waya akaligunda limasanduka msampha.

Kuona kwanga n'kwakuti konkire ndi yoyenera m'tauni, pa madambo, ndi pa malo onyamula thiransifoma yolemera. Koma pa mizere yaitali yolowa m'midzi ya kwa Zingalume, bulugamu wothiridwa mankhwala moyenera adakali mfumu. Kilomita imodzi ya mzere wa mavoliti 11,000 kapena 33,000 imadya mapolo pafupifupi 10, ndipo ya mzere wa m'nyumba imadya 20 kapena kuposa. Mtengo wa pholo ukakwera kawiri, midzi imene ikanalandira magetsi chaka chimenecho imachepa.

Timbale tija timakhala pamwamba, tina tagalasi tina tofiirira, ntchito yake n'chiyani? Ndipo bwanji tatsopano tikuoneka ngati ta labala?

Timeneto ndi mainsuleta. Timagwira waya koma osalola magetsi kutsikira m'pholo. Timakhala ndi mipendero ngati siketi kuti mvula ikagwa pakhale malo ena ouma, ndiponso kuti njira yoti magetsi akwawe italike. Mukafuna kudziwa mphamvu ya mzere, yang'anani kukula kwake: pa mzere wa 33,000 ndi tatikulu kapena tambiri kuposa pa wa 11,000.

Takale tinali ta galasi kapena ta dongo lowotcha. Timakhala zaka zambiri, koma tili ndi mdani mmodzi amene tonse tikumudziwa, mwana wa legeni. Mwala umodzi umasiya mng'alu wosaoneka kuchokera pansi, ndipo mvula yoyamba ikagwa mzere umazima, amisiri n'kuyenda makilomita kusaka kambale kamodzi. Tatsopano tili ndi ndodo ya ulusi wa galasi mkati, kunja atakuta ndi labala ya silicone. N'topepuka, sitisweka ndi mwala, ndipo madzi amangoyenderera ngati pa tsamba la koko. Kuipa kwake n'kwakuti tikayamba kuwonongeka mkati sitionetsa.

Mtanda umene timbaleti timakhalapo nawonso wasintha. Kale unali wa thabwa, ndipo unkawola pa mabowo a mabawuti. Masiku ano wambiri ndi wachitsulo chokutidwa ndi zinki.

Akuluakulu amati mawaya akale anali a kopa. Anapita kuti, dziko lathu likukumba kopa?

Kopa ndi wabwino kwambiri poyendetsa magetsi, koma ndi wodula, wolemera, ndipo ali ndi msika kwa ogula zitsulo zakutha. Aluminiyamu amayendetsa magetsi pang'ono kupitirira magawo 60 pa 100 a kopa, koma ndi wopepuka kwambiri, moti waya wa aluminiyamu wogwira ntchito yofanana amalemera pafupifupi theka. Pa mizere yaitali amaupota mozungulira waya wachitsulo kuti usaduke. Waya akapepuka, mapolo amatalikirana ndipo amachepa.

Kusintha kwakukulu kwa posachedwapa kuli pa mizere ya m'nyumba. Kale munkaona mawaya anayi amaliseche, wina pamwamba pa mnzake. Mphepo ikawomba ankagundana n'kuthetheka, nthambi ya mango ikawagwera fyuzi inkapsa, ndipo wofuna kuba magetsi ankangokolowekapo waya. Tsopano akufala ndi aja akuda opotana, amene amisiri amawatchula kuti ABC. Waya aliyense ndi wokutidwa, onse n'kupotedwa pamodzi. Safuna mtanda kapena timbale, amangokolekedwa pa ngowe, ndipo salira kudula mitengo yambiri ya zipatso. Komabe wokutidwa sindiye kuti wogwirika. Dzuwa ndi kukhulana ndi malata zimadya chikutocho.

Waya uja amatsika chopendekera n'kulowa pansi amapinga khasu ndi pulawo. Kodi ndi wofunikadi?

Ndi wofunika ngati mzati wa nyumba. Pamene mzere wakhota kapena wathera, mawaya amakokera pholo mbali imodzi usana ndi usiku, ndipo waya wopendekerayo, wotchedwa siteyi, ndiye amalibweza. Mukaichotsa pholo siligwa tsiku lomwelo. Limayamba kuwerama, mawaya n'kutsika, mpaka tsiku lina lole yodzaza thonje kapena munthu wonyamula nsungwi adzawakhudza. Osamangirirapo mbuzi, ndipo polima siyani kachigawo kozungulira pamene yalowera pansi.

Palinso waya wina woonda wotsika motsamira pholo, makamaka pa thiransifoma. Ameneyo ndiye njira yothawira mphenzi ndi magetsi olakwika kupita m'nthaka. Akuba amamukonda chifukwa nthawi zambiri ndi wa kopa. Akamudula magetsi amayakabe, ndiye palibe amadandaula, mpaka mphenzi ya mu Disembala itapsereza thiransifoma kapena ma TV ndi mafuriji a mudzi wonse. Wakubayo amapeza ya mowa wa tsiku limodzi, anthu n'kukhala mumdima miyezi.

Mzere ukudutsa pamwamba pa mudzi wathu, koma ife tilibe magetsi. Bwanji osangotsitsa waya?

Chifukwa umenewo ndi wa mavoliti 11,000 kapena 33,000, ndipo sungalowe m'nyumba popanda thiransifoma, mafyuzi ake, zotchinga mphenzi, ndi mzere wina wa mapolo aafupi. Zimenezi n'zodula, ndipo zimaikidwa pamene pali ogula okwanira. Magetsi a 230 nawonso sayenda mtunda: mukapitirira theka la kilomita kapena chapompo kuchoka pa thiransifoma, babu limayamba kufiira. N'chifukwa chake REA, bungwe la boma lofikitsa magetsi kumidzi limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2003, limayambira pa sukulu, zipatala, misika ndi nyumba za mafumu. Midzi yomwazikana imadikira nthawi yaitali kuposa yothinana.

Ilipo njira yotchipa imene mayiko ena anaitsata. Lloyd Mandeno wa ku New Zealand anaikonza m'zaka za m'ma 1920: waya mmodzi yekha pamwamba pa pholo, nthaka n'kukhala njira yobwererera magetsi. Sipafunika mtanda, ndipo mapolo amatalikirana kwambiri. Namibia ndi South Africa anaigwiritsa ntchito kumidzi. Imakwana kuyatsa nyumba, kutchaja mafoni ndi kuyendetsa furiji, koma chigayo chachikulu cha mawaya atatu sichiyenda nayo mosavuta. Kwa anthu odya nsima limenelo si vuto laling'ono.

Ndi chilala cha 2024, magetsi ankazima pafupifupi tsiku lonse. Kodi sola sidzathetsa mapolo?

Madzi atachepa ku Kariba chaka chimenecho, panali nthawi imene makomo ankakhala opanda magetsi maola oposa 20 pa tsiku, ndipo ambiri anathamangira ku sola. Kasola ka padenga kamayatsa nyumba popanda pholo, zoona. Koma sola ya mudzi wonse, ngati imene inamangidwa ku Sinda ndi kwa Chitandika m'chigawo chino, imagawa magetsi ake pa mapolo ndi chingwe chopotana chomwe chija. Gwero lingasinthe, chiswe n'chomwecho.

Pholo lakale likazulidwa n'kusiyidwa, kodi tingawaze nkhuni?

Ayi, ngakhale nkhuni zitasowa chotani. Choyamba ndi katundu wa eni mzere. Chachiwiri, ndipo ichi ndicho chachikulu, ndi poizoni. Utsi wa creosote umawononga m'chifuwa ndi m'maso. La CCA ndi loopsa koposa, chifukwa arsenic satha ndi moto: wina amapita mu utsi, wambiri amatsalira m'phulusa. Phulusalo limakoma mchere, ndipo ng'ombe zikalinyambita zimafa. Musaphikire, musawotchere njerwa kapena fodya, musapangire chidulo, ndipo musaseme mtondo kapena chodyeramo nkhumba.

Nanga ife a m'mudzi tingachitepo chiyani, poti mapolo si athu?

Amisiri a ZESCO sangagogode pholo lililonse chaka chilichonse, koma inu mumalidutsa popita kumunda. Udzu ukauma, lambulani mozungulira pholo mita imodzi kapena ziwiri moto usanayambe, monga timachitira ndi nkhokwe. Anyakwawa angaike zimenezi pa ntchito za mudzi, limodzi ndi kulambula njira ya kuchitsime. Musaunjike mapesi kapena zinyalala m'munsi mwake, ndipo musakumbe dothi la njerwa pafupi. Mukaona njira za chiswe zikukwera pholo, pholo likuwerama, siteyi yaduka, kapena kambale kakuthetheka usiku, kanenani ku ofesi ya ZESCO, ndipo ngati pholo lili ndi nambala muitchule.

Waya akagwa pansi, muyeseni wamoyo ngakhale malaiti atazima m'mudzi monse, pakuti amatha kubwera nthawi iliyonse. Magetsi amafalikira m'nthaka mozungulira pamene wagwera, ndipo amalowera phazi limodzi n'kutulukira linalo. N'chifukwa chake ng'ombe, yomwe miyendo yake ndi yotalikirana, imagwa isanamukhudze n'komwe. Mukapezeka muli pafupi, phatikizani mapazi n'kumakhwekhwereza pang'onopang'ono mpaka mutatalikira. Imani patali mamita 10, bwezani ana ndi ziweto, ndipo munthu wamkulu mmodzi akhale pomwepo kuchenjeza odutsa mpaka amisiri atafika.